Masamu a ziwerengero aphunzitsidwe mu wodi, asathere m'kalasi

Mu 1978 ofufuza atatu a ku Boston, ku America, anafunsa funso limodzi kwa madokotala ndi ophunzira udokotala 60 a m'zipatala za Harvard Medical School. Anati: pali matenda amene amagwira munthu mmodzi pa anthu 1,000 alionse. Chipangizo choyezera matendawa chilipo, koma pa anthu 100 alionse amene ali bwinobwino chimanamizira 5 kuti akudwala. Mwayeza munthu amene simukudziwa kalikonse za iye, chipangizo chati ali nawo. Kodi mpata woti akudwaladi ndi waukulu bwanji?

Pafupifupi theka la ofunsidwawo anayankha kuti 95 pa 100. Yankho lolondola ndi 2 pa 100, ndipo analipeza ndi anthu 11 okha. Mu 2014 ena anakafunsanso funso lomwelo mumzinda womwewo kwa anthu 61, ndipo olondola anali 14. Zaka 36 zinadutsa, mabuku anasintha, makompyuta anabwera, koma pa funso ili zinthu zinali pomwepo.

Chonsecho funsoli silivuta munthu akasiya maperesenti n'kuyamba kuwerenga anthu. Sonkhanitsani anthu 1,000 pabwalo. Mmodzi akudwala, ndipo tinene kuti chipangizo chamupeza. Otsala 999 ali bwino, koma chipangizo chinamizira pafupifupi 50 mwa iwo. Ndiye kuti anthu 51 abwerera kwawo atauzidwa kuti ali ndi matenda, pamene wodwala weniweni ndi mmodzi yekha. Mwana wa Sitandade 7 angathe kulondola masamu amenewa atawayalidwira motere.

Madokotala a ku Harvard aja anali anzeru ndithu. Chinawagwetsa ndi kaphunzitsidwe, ndipo kaphunzitsidwe komweko ndi kamene kafala m'masukulu ambiri a zaumoyo, kuno ndi kunja komwe. Statistics, masamu a ziwerengero, imabwera m'zaka zoyambirira, wophunzira asanagwirepo wodwala. Amaloweza mafomula a standard deviation, t-test ndi chi-square, nkulemba mayeso, nkuiwala. Phunzirolo limadzatulukiranso kumapeto, nthawi yolemba kafukufuku womalizira digiri, ndipo panthawiyo chimene wophunzira akufuna ndi kanambala kamodzi kotchedwa p-value, kotsika pa 0.05, kuti amulembe kuti wakhoza. Pakati ponsepo, m'zaka zimene akuzungulira mu wodi, kufunsa odwala ndi kuwerenga zotsatira za ku labu, palibe amene amamuonetsa kuti zimene akuchitazo ndi masamu omwe aja. Ine ndikuti phunziroli tinaliika pamalo olakwika. Malo ake ndi pafupi ndi bedi la wodwala, chaka ndi chaka, ndipo liziphunzitsidwa powerenga anthu.

Umboni woti njira imeneyi imagwira ulipo. Gerd Gigerenzer, katswiri wa ku Germany wa za kaganizidwe ka anthu, anafunsa madokotala 160 a matenda a amayi funso lofanana ndi la ku Boston lija, lokhudza kuyeza khansa ya m'mawere. Olondola anali 21 pa 100 alionse. Atawaphunzitsa kamodzi kokha kusandutsa maperesenti kukhala chiwerengero cha amayi, olondola anafika 87 pa 100. Sipanafunike semesita yonse.

Wina angaganize kuti awa ndi mafunso a m'mabuku. Tiyeni tilowe m'chipinda choyezera HIV pachipatala chaching'ono chilichonse. Tiyerekeze kuti chipangizo chathu chimalakwitsa kamodzi pa anthu 100 opanda kachilombo, chomwe ndi chipangizo chabwino ndithu. Tikayeza anthu 10,000 pamalo pamene 20 pa 100 ali nako, tipeza 2,000 enieni ndi 80 onamiziridwa. Olakwiridwa ndi 4 okha pa 100 alionse ouzidwa kuti ali nako. Titenge chipangizo chomwecho, tikayeze anthu 10,000 pamalo pamene mmodzi pa 100 ali nako. Enieni ndi 100, onamiziridwa ndi 99. Theka la anthu amene mzere wachiwiri wawaonekera alibe kachilombo. Chipangizo sichinasinthe, asintha ndi anthu amene akuyezedwa.

Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti 8.9 pa 100 mwa akuluakulu m'Malawi ali ndi HIV. Koma mwa amene amabwera kudzayezetsa masiku ano, opezeka nako ndi ochepa kuposa pamenepo, chifukwa ambiri amene ali nako anadziwa kale ndipo ali pa ma ARV. N'chifukwa chake mu 2019 bungwe la WHO linalangiza kuti munthu asauzidwe kuti ali ndi HIV mpaka zipangizo zitatu zosiyana zitagwirizana. Woyeza amene akumvetsa masamu ali pamwambawa adzaona kufunika kwa chipangizo chachitatucho. Amene sakuwamvetsa adzachiona ngati lamulo chabe lochokera ku likulu, ndipo tsiku limene mzera watalika kapena zipangizo zatsala pang'ono, adzachidumpha. Wolakwiridwayo ndi munthu amene banja lake litha, nayamba kumwa mankhwala moyo wake wonse pa matenda amene alibe.

Chinthu chachiwiri chimene dokotala aliyense ayenera kukhala nacho pakamwa ndi funso loti "mwa angati?" Mu Okutobala 1995 komiti yoona za chitetezo cha mankhwala ku Britain inalengeza kuti mapiritsi ena atsopano olera amachulukitsa kawiri chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha. Amayi ambiri anasiya mapiritsiwo nthawi yomweyo. Zimene sanauzidwe momveka n'zakuti kuchuluka kawiriko kunali kuchoka pa mayi mmodzi mwa 7,000 kufika pa awiri mwa 7,000. Akatswiri anawerengera pambuyo pake kuti chaka chotsatira mimba zochotsedwa ku England ndi Wales zinawonjezeka ndi pafupifupi 13,000. Palibe amene ananama. Anangonena nambala imodzi nasiya inzake.

Katemera wa malungo wa RTS,S, amene Malawi anali woyamba kuyamba kupereka mu Epulo 2019 Ghana ndi Kenya asanatsatire, akuonetsa mbali inayo ya nkhani yomweyi. Kafukufuku wake wamkulu anachitika m'malo 11 m'mayiko 7 a mu Africa, kuphatikizapo Lilongwe, ndipo anapeza kuti mwa ana amene analandira katemerayu kanayi, malungo anachepa ndi 36 pa 100 pa zaka pafupifupi zinayi. Ambiri atamva 36 anagwa mphwayi, poyerekeza ndi katemera wa chikuku amene amateteza oposa 90 pa 100. Koma mwana wa kuno amadwala malungo kambirimbiri asanayambe sukulu. Kafukufuku yemweyo anawerengera kuti pa ana 1,000 obayidwa, maulendo odwala malungo oposa 1,700 anapewedwa. Ndi maulendo 1,700 amene mayi sanabereke mwana wotentha thupi kupita naye kuchipatala. Namwino amene angathe kunena nambala zonse ziwiri ku sikelo ya ana ali ndi yankho kwa mayi amene wamva kuti katemerayu ndi wofooka, komanso ali ndi chifukwa chomukumbutsira kuti neti asaisiye.

Koma pali dokotala wina amene ndimamulemekeza kwambiri, ndipo ndi amene amavuta kumukopa. Ndi uja wazaka zambiri pantchito, amene amati: ine ndaona odwala masauzande, maso anga ndi okwanira. Kwa iyeyu ndimakonda kutchula kafukufuku wa FEAST. Kwa zaka zambiri, mwana akafika wotentha thupi kwambiri, manja ndi miyendo zitazizira, magazi osayenda bwino, chizolowezi chinali kumuthira dripi mofulumira. Mabuku ankatero, ndipo maso ankavomereza, chifukwa mwanayo ankaonekadi kuti watsitsimuka patangopita kanthawi. Kathryn Maitland ndi anzake anayesa njirayi pa ana 3,141 m'zipatala za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, atawagawa m'magulu mwa maere. Zotsatira zinatuluka mu 2011. Pomatha maola 48, ana pafupifupi 10.5 pa 100 amene anathiridwa madzi mofulumira anali atamwalira, pamene mwa amene sanathiridwe mofulumira omwalira anali 7.3 pa 100. Kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi yake isanakwane. Ndinene momveka kuti ana otsegula m'mimba amene ataya madzi m'thupi sanali m'kafukufukuyu, ndipo iwo madzi amawafunadi msanga.

Kusiyana kwa ana atatu pa 100 palibe diso limene lingakuone mu wodi. Dokotala amaona mwana amene wadzuka masana, ndipo amene wamwalira usiku wotsatira amamuwerengera ku kukula kwa matenda. Anthu amene ankathira madzi aja anali akhama, okonda ana, ndipo ena mwa iwo sanakhulupirire zotsatirazo poyamba. Wophunzira udokotala akamva nkhani imeneyi ataima pafupi ndi mwana amene ali pa dripi, amamvetsa chifukwa chake odwala amagawidwa mwa maere komanso chifukwa chake pamafunika ana masauzande. Akaimva ngati mutu wa m'buku m'chaka chachiwiri, imangodutsa.

Nkhani ina yoyenera kuphunzitsira inachitikira ku Blantyre konkuno. Mu 2002 kafukufuku wa ku Ulaya pa akuluakulu 301 anaonetsa kuti mankhwala a dexamethasone amachepetsa imfa pa matenda oumitsa khosi oyambitsidwa ndi mabakiteriya. Chaka chomwecho Elizabeth Molyneux ndi anzake anatulutsa zotsatira za ana 598 a pachipatala cha Queen Elizabeth Central, ndipo mankhwala omwewo sanachepetse imfa. Mu 2007 kafukufuku wa akuluakulu 465 mumzinda womwewo, amene ambiri mwa iwo anali ndi HIV, anapezanso kuti sakuthandiza. Onse anali kafukufuku wabwino. Anasiyana odwala ake: kuno ambiri amafika mochedwa, ena atayamba kale kumwa mankhwala kunyumba, ena chitetezo cha m'thupi chitatsika. Wolawa ndiwo amalawa mumphika umene akudziwa kuti ndi umene adye, ndipo amayamba watakasa. Dokotala amene sanaphunzitsidwe kufunsa kuti "anthu a m'kafukufukuyu akufanana ndi odwala anga?" amangotengera zilizonse zimene zalembedwa m'magazini yotchuka. Funso lomweli tiyenera kudzifunsanso tokha, chifukwa odwala amene amafika pachipatala chachikulu cha mumzinda sayimira bwino odwala a ku Nsanje kapena ku Chitipa amene sanathe ulendo.

Tsopano za ofufuza. Aliyense amene amathandiza ophunzira pa masamuwa akuchidziwa chithunzi ichi. Wophunzira amafika ndi laputopu, tsiku lopereka ntchito layandikira, natsegula tebulo la Excel. Mzere wa zaka uli ndi 2 amene akutanthauza zaka ziwiri ndi 2 wina amene akutanthauza miyezi iwiri. Pamene wodwala sanayankhe, pena pasiyidwa, pena palembedwa 0. Funso limene kafukufukuyo ankafuna kuyankha silinalembedwe paliponse. Ndiye amati, "Bwana, ndithandizeni, asupavaiza akufuna p-value." Wophunzirayo sindimudzudzula ngakhale pang'ono. Wagwira ntchito yolemetsa, wafukula mafayilo a odwala m'fumbi, ndipo akupempha chimene anamuuza kuti ndicho chofunika. Koma pofika pamenepo zambiri sizikonzeka. Ronald Fisher, mmodzi mwa amene anakhazikitsa masamuwa, ananena mu 1938 kuti kuitana katswiri wa ziwerengero kafukufuku atatha kuli ngati kumupempha kuti ayeze mtembo: chimene angakuuzeni ndi chimene chinapha kafukufukuyo.

P-value yomweyo ambiri saimvetsa, ngakhale ena amene amaiphunzitsa. Imangonena kuti, zikanakhala kuti mankhwala sakuchita kalikonse, kodi zotsatira ngati izi zikanatuluka kangati mwamwayi chabe. Siinena kuti mankhwala akugwira mwamphamvu bwanji, siinenanso kuti mpata woti akugwira ndi wotani. Bungwe la American Statistical Association linafika potulutsa chenjezo lapadera pa nkhaniyi mu 2016. Ndipo popeza malire a 0.05 amalola kulakwitsa kamodzi pa maulendo 20, munthu amene ayesa mafunso 20 pa tebulo limodzi ayembekezere kuti limodzi lituluka ngati lapezeka, ngakhale palibe chilichonse. Richard Peto ndi anzake ku Oxford anaonetsa izi m'njira yosaiwalika mu 1988. M'kafukufuku wa ISIS-2, wa odwala mtima 17,187, aspirin anapulumutsa anthu mosakayikitsa. Koma atagawa odwalawo malinga ndi nyenyezi za mwezi umene anabadwa, zinaoneka ngati obadwa pa Gemini ndi Libra sakuthandizidwa. Anaikamo dala zimenezi kuti owerenga aone mmene kugawagawa magulu kumabalira zinthu zabodza. Wofufuza aliyense wa kwathu ayenera kuimva nkhaniyi asanalembe kuti mankhwala akuti agwira mwa amayi a zaka 30 mpaka 39 okha.

Doug Altman, katswiri wa ziwerengero za zachipatala ku Britain, analemba m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 1994 kuti kafukufuku woipa wa zachipatala ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo anapempha kuti kafukufuku achepe koma akhale wabwino. Ndikugwirizana naye, makamaka kwa ife amene ndalama ndi zochepa. Kafukufuku wokhala ndi odwala ochepa kwambiri moti sangayankhe funso lake wawonongera anthu nthawi ndi magazi pachabe, ndipo imeneyi ndi nkhani ya chilungamo kwa odwala amene anavomera kulowamo. Makomiti oona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, monga COMREC ndi NHSRC, ali ndi mphamvu yofunsa kuti katswiri wa ziwerengero anaona ndondomekoyo asanatenge dontho loyamba la magazi, ndipo mphamvu imeneyo aziigwiritsa ntchito ngakhale pa kafukufuku wa ophunzira.

Dziko lino likudziwa mmene kafukufuku wokonzedwa bwino amaonekera. Kafukufuku wa HPTN 052, amene Lilongwe ndi Blantyre anatenga nawo mbali, anatsatira mabanja 1,763 ndipo mu 2011 anaonetsa kuti kuyamba msanga ma ARV kumachepetsa ndi 96 pa 100 kupatsirana HIV m'banja: mwa anthu 28 amene anatenga kachilombo kwa mnzawo wa m'banja, 27 anali m'gulu lochedwa kuyamba, mmodzi yekha m'gulu loyamba msanga. Katemera wa taifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Zonsezi ndi zipangizo zophunzitsira zimene zili pakhomo pathu, za matenda amene ophunzira athu akuwaona tsiku lililonse, ndipo zimaposa kutali zitsanzo za ndalama yoponyedwa m'mwamba zimene zadzaza m'mabuku.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zimene sindingazinyalanyaze. Yoyamba ndi yoti maphunziro a udokotala ndi odzaza kale, ndipo dokotala amene akuona odwala ochuluka patsiku alibe nthawi yowerenga magazini. Amatsatira malangizo a Unduna wa Zaumoyo, basi. Zoona, ndipo ayenera kuwatsatira. Koma malangizo safika paliponse, ndipo amachedwa. Mu 2020 nkhani yoti mankhwala a hydroxychloroquine amachiza COVID-19 inafalikira dziko lonse lapansi kuchokera pa kafukufuku wa ku Marseille, ku France, wa odwala 36 okha, osagawidwa mwa maere, ndipo inafika pa WhatsApp ya dokotala aliyense malangizo asanafike. Wogulitsa mankhwala amene amabwera ndi kapepala kokongola sadikiranso malangizo. Komanso amene adzalembe malangizo a mawa ndi ophunzira omwewa. Chimene ndikupempha sichiwonjezera maola. Ndikupempha kuti maola amene alipo kale achotsedwe pa kuloweza mafomula, agawidwe m'zaka zonse.

Mfundo yachiwiri imachokera kwa aphunzitsi a masamu, amene amaopa kuti tikufuna kusukulutsa phunziro lawo. Mantha amenewa ndi omveka, koma akusakaniza anthu awiri. Amene adzakonze kafukufuku ndi kusanthula ziwerengero afunika masamu akuya, ochuluka kuposa amene ambiri akulandira lero, ndipo tikufunika akatswiri otere ambiri kuchokera ku University of Malawi ndi ku Kamuzu University of Health Sciences. Dokotala wa mu wodi sadzawerengera chi-square ndi dzanja moyo wake wonse. Iye afunika kudziwa kuwerenga: kusandutsa peresenti kukhala anthu, kufunsa kuti mwa angati, kuona kutalika kwa confidence interval (malire a pansi ndi a pamwamba amene yankho lenileni lingakhale pakati pake) n'kuzindikira kuti zotsatirazo zikugwedera, kufunsa ngati magulu anagawidwa mwa maere ndi kuti amene anasowa pakati pa kafukufuku anali angati. Luso limeneli ndi lovuta mokwanira, ndipo funso la ku Boston laonetsa kuti kudziwa mafomula sikulibweretsa lokha.

Kuti zitheke, mphunzitsi wa ziwerengero alowe mu wodi, ndipo dokotala wamkulu alowe m'kalasi mwake. Pa lipoti la m'mawa, pamene akukamba za wodwala amene chipangizo cha malungo chasonyeza kuti ali nawo, pakhale mphindi zochepa zofunsa kuti m'nyengo ino, m'dera lino, ndi ana angati amene ali ndi tizilombo ta malungo m'magazi koma akudwala china. Funso limenelo lapulumutsapo ana amene anali ndi matenda oumitsa khosi kapena chibayo koma akanangolandira LA n'kubwerera kwawo.

Ndipo tisalankhule za madokotala okha. Odwala ambiri m'Malawi amaonedwa ndi makiliniko ofesa, ma medical assistant ndi anamwino, ndipo ndi iwowa, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo, amene amadzaza marejisitala amene manambala ake amakwera mwezi uliwonse kupita ku boma. Woyang'anira chipatala chaching'ono amene waona kuti imfa za ana akhanda zachoka pa 2 kufika pa 4 ayenera kudziwa kuti manambala ang'onoang'ono amadumphadumpha okha, kuti asathamangire kuloza chala azamba, komanso adziwe nthawi imene kukwerako kwapitirira mwayi ndipo pafunika kufufuza. Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi amafuna kale kuti ogwira ntchito azipitiriza maphunziro kuti akonzetse ziphaso zawo. Aikemo gawo limodzi la kuwerenga ziwerengero, lokhala ndi zitsanzo za HIV, malungo ndi chifuwa chachikulu, loti munthu athe kulichita pafoni ali kumudzi kumene akugwira ntchito. Ndipo m'mayeso omaliza a udokotala, pamene wophunzira waima ndi wodwala pamaso pa oyesa, afunsidwe kuti afotokozere wodwalayo, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, tanthauzo la zotsatira zake ndi kuti mwa anthu 100 onga iye mankhwalawo amathandiza angati.